Golovesi yosainidwa ndi ngwazi ya nkhonya: kodi munthu amagula chiyani kwenikweni?

Mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Moatize, kuno ku Mozambique, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp usiku wina. Chinali cha golovesi yofiira ya nkhonya, ya kudzanja lamanja, ndipo pamsana pake panali dzina lolembedwa ndi cholembera chakuda chonenepa: Muhammad Ali. M'munsi mwake analemba kuti, "Amalume, mnzanga akugulitsa, akuti inatuluka m'belo la kaunjika. Pepala lake lilipo. Ndigule?" Amadziwa kuti masewera a nkhonya ndinayamba kuwakonda ndili mnyamata, nthawi imene tinkapanikizana m'nyumba zoonetsera vidiyo ku Vila Ulongué kuti tione Mike Tyson akugwetsa anthu m'ndime yoyamba. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Zilembo zake zinali zazikulu, zozungulira bwino, zopanda ngakhale penapake pamene dzanja linanjenjemera. Pepala lija, loti likutsimikizira kuti anasaina ndi Ali yemwe, linali ndi chidindo chagolide koma lopanda nambala. Ndinamuyankha kuti ayambe wasunga ndalama zake, tikambirane kaye.

Zimene tinakambiranazo ndi zimene ndikufuna ndifotokoze pano, chifukwa malonda amenewa afika kale m'mafoni athu, ndipo ambiri sitidziwa mmene amayendera.

Kunja kuno kuli anthu amene amatolera zinthu zimene akatswiri a nkhonya anagwiritsa ntchito kapena anasainapo: magolovesi, makabudula, mikanjo yolowera m'bwalo, zithunzi, matikiti, zikwangwani zolengeza nkhonya, mapepala a mgwirizano, ngakhale macheke a kubanki. Gulu limene amalithamangira kwambiri ndi la ankhonya olemera kwambiri, oposa makilogalamu 90, lija amati heavyweight. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ngwazi ya gulu limeneli anthu ankaitenga ngati munthu amene palibe wina pa dziko lapansi angamuime kutsogolo, ndipo lamba wa ukatswiriwo nthawi zambiri ankanyamula nkhani zoposa masewera. Jack Johnson atagonjetsa Tommy Burns ku Sydney pa 26 Disembala 1908, anakhala munthu wakuda woyamba kutenga ukatswiri umenewu, pa nthawi imene kwawo ku America wakuda sankaloledwa kudyera malo amodzi ndi mzungu. Joe Louis anasunga lambayo kuchokera mu 1937 mpaka 1949, n'kumuteteza maulendo 25. Kenako kunadza Ali. Pa 30 Okutobala 1974 anagwetsa George Foreman m'ndime yachisanu ndi chitatu ku Kinshasa, cha m'ma folo koloko m'bandakucha, khamu likufuula m'Chilingala kuti "Ali, bomaye", kutanthauza kuti Ali, muphe. Taonani nthawi yake. Pangano la ku Lusaka, la pakati pa Frelimo ndi Portugal, linali litangosainidwa pa 7 Sepitembala, ndipo ufulu wa Mozambique unali kudza pa 25 Juni chaka chotsatira. N'chifukwa chake akuluakulu a kwathu akamasimba za Ali samutchula ngati mlendo ayi. Munthu akagula dzina lake pa pepala, akufuna kukhudzako mbiri imeneyo.

Tsono zinthuzi sizifanana mtengo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Pamwamba penipeni pali zimene katswiriyo anavala kapena analandira pa nkhonya yodziwika. Magolovesi amene Ali anavala pomenyana ndi Sonny Liston mu Febuluwale 1964 anagulitsidwa pa okushoni mu 2014 pa madola 836,500. Mu Julaye 2022, lamba wa bungwe la nkhonya la WBC wa kupambana kwake ku Kinshasa anagulidwa ndi mpondamatiki wa ku America, Jim Irsay, pa madola 6.18 miliyoni ku kampani ya okushoni ya Heritage Auctions. Mukawerengera pa meticais pafupifupi 64 pa dola imodzi, ndalamazo zikuyandikira meticais 400 miliyoni. Anthu akamva ziwerengero zotere mitima imadumpha, ndipo ogulitsa zabodza amadziwa zimenezo. Koma golovesi yogula m'sitolo imene katswiri anangosainapo ndi chinthu china kotheratu. Sinalowe m'bwalo, sinanyowe ndi thukuta lake, ndipo mwina tsiku limenelo anasaina zinzake mazana atakhala pa tebulo. Ikakhala yeniyeni ili ndi mtengo ndithu, koma ili kutali kwambiri ndi mamiliyoni aja.

Chimene chimakweza mtengo wa siginecha si mphamvu ya nkhonya za mwini wake, koma kusowa kwake. Sonny Liston ankavutika kuwerenga ndi kulemba, sankasaina kawirikawiri, ndipo anamwalira kumapeto kwa 1970. Dzina lake lolemba yekha ndi losowa, motero otolera amalilimbirana. Rocky Marciano, amene anapambana nkhonya zake zonse 49, anafa pa ngozi ya ndege mu Ogasiti 1969, malonda osainitsa anthu otchuka asanakule, ndiye zake n'zochepanso. Koma Tyson, amene anatenga lamba ali ndi zaka 20 zokha mu Novembala 1986 atagonjetsa Trevor Berbick, ali moyo ndipo amasaina pa misonkhano imene anthu amalipira kuti awasainire. Zake n'zambiri, ndipo munthu wamba amene wasunga ndalama angathe kuzipeza. Imfa imasintha zinthu chifukwa dzanja lija laleka kulemba. Joe Frazier anapita mu 2011, Ali pa 3 Juni 2016, Foreman mu Malichi 2025. Pambuyo pa masiku amenewa palibe siginecha yawo yatsopano ingabadwe. Zimene zimachuluka ndi zabodza zokha.

Za Ali zimafuna kuziima pang'ono, chifukwa ndi iye amene dzina lake limakopedwa kwambiri. Choyamba, Ali sankakana kusaina. Ankaima m'misewu ndi m'mabwalo a ndege n'kumasainira aliyense, ndipo ankagawa timapepala tophunzitsa Chisilamu atasainapo kale. Choncho masiginecha ake enieni alipo ochuluka, ndipo kukhala nayo imodzi sikulemeretsa munthu. Chachiwiri, anali ndi mayina awiri. Anabadwa mu 1942 ali Cassius Clay, ndipo ndi dzina limenelo anatenga mendulo yagolide ku Rome mu 1960. Analisiya mu 1964 atagonjetsa Liston, n'kumalikana poyera kuti ndi dzina laukapolo. Chinthu chosainidwa "Cassius Clay" m'zaka zoyambirirazo n'chosowa, ndipo n'chodula kuposa cha "Muhammad Ali" wamba. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene ndinaona pa chithunzi cha mwana uja, dzanja lake linasintha. Mu 1984 madokotala anamupeza ndi matenda a Parkinson, amene amanjenjemeretsa thupi ndi kuchepetsa zilembo za munthu. Ali wachinyamata ankalemba mothamanga, zilembo zazikulu zopendekera. Pamene zaka zinkapita zilembozo zinkafinyika, kuthithikana, mzere n'kumagwedera. Ndiye ngati golovesi ndi ya mapangidwe a posachedwa koma dzina lili lolimba ngati la mnyamata wa 1965, zinthu ziwirizo zikutsutsana. Ine zimenezi zimandikhudza mtima: siginecha yeniyeni ya Ali wokalamba si yokongola, ndi ya munthu wodwala amene ankakakamiza dzanja lake kuti asakhumudwitse womupempha. Wokopa amaikongoletsa, ndipo potero amadziulula.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zabodza zimabwera m'njira zingapo. Pali munthu amene amaphunzira dzanja la katswiri n'kumalemba yekha. Pali makina otchedwa autopen amene amagwira cholembera chenicheni n'kujambula dzina mofanana ndendende nthawi zonse. Amadziwika chifukwa mzere wake umalemera chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mukaika masiginecha awiri pamodzi amagonana osasiyana pena paliponse, pamene dzanja la munthu silibwereza chimodzimodzi kawiri. Pali zimene ankasaina alembi kapena achibale poyankha makalata a okonda masewera. Ndiye pali zodinda chabe, pamene dzinalo ndi gawo la chithunzi, losindikizidwa pamodzi nacho. Izi zomalizazi ndi zimene zadzaza m'misika, pa mafulemu ndi pa malaya, ndipo kuzigwira sikuvuta. Pendeketsani chithunzicho pa dzuwa. Inki yolembedwa ndi dzanja imakhala pamwamba pa pepala ndipo imanyezimira mosiyana nalo. Yosindikiza imamira, ndipo mukaiyang'ana ndi galasi lokulitsa mumaona timadontho.

Kuti mumvetse kukula kwa vutoli, tamvani za ku America komweko. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 apolisi a FBI anachita kafukufuku wotchedwa Operation Bullpen, amene likulu lake linali ku San Diego. Mu Okutobala 1999 anachita chipikisheni m'nyumba ndi m'mashopu ambiri tsiku limodzi, n'kulanda katundu wosainidwa mwachinyengo wa madola pafupifupi 10 miliyoni. Dzina la Ali linali m'gulu la mayina amene ankakopedwa. Chimene chinadzidzimutsa anthu n'chakuti katunduyo ankayenda ndi ziphaso zotsimikizira kuti ndi weniweni, ndipo ena mwa opereka ziphasozo anali m'chiwembu chomwecho. Wabodza amene angakope dzina la Ali sangalephere kusindikiza pepala la chidindo chagolide.

Apa ndi pamene ndinamuuza mwana uja za ng'ombe. Kuno ku Angónia palibe munthu wanzeru amagula ng'ombe kwa mlendo pa msewu chifukwa choti yanenepa. Umafunsa kuti yachokera khola la yani, anaipeza bwanji, amfumu a kumeneko akudziwa kapena ayi, ndani angaime nawe tsiku limene wina adzabwere n'kunena kuti ndi yake. Kalata imathandiza pokhapokha ngati woilembayo ndi wodziwika ndipo ungathe kupita kukamufunsa. Malonda a masiginecha amayenda chimodzimodzi. Inki ndi ya ndalama zochepa, golovesi nayo n'chimodzimodzi. Chimene munthu amalipira ndi umboni wosaduka, kuchokera m'dzanja la katswiriyo kufika m'dzanja lake. Magolovesi aja a 1964 anakwera mtengo chotero chifukwa ankasungidwa ndi Angelo Dundee, mphunzitsi wa Ali amene anali naye pakona usiku umenewo. Pa zovala za m'bwalo, akatswiri ofufuza amafika poyerekeza ulusi, makwinya ndi zipsera za chinthucho ndi zithunzi zojambulidwa pa tsiku la nkhonyayo, kuti aone ngati chilidi chomwecho.

Masiku ano pali makampani amene ntchito yawo ndi kuyesa masiginecha. Odziwika kwambiri ndi PSA/DNA, JSA ndi Beckett, onse a ku America. Amagwira ntchito m'njira ziwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Njira yoyamba, munthu wawo amakhala pomwepo katswiri akusaina, n'kumata kachizindikiro ka nambala pa chinthucho. Uwu ndi umboni wa maso. Njira yachiwiri, mumawatumizira chinthu chakale, iwo amachiyerekeza ndi zitsanzo zodalirika n'kupereka maganizo awo. Amenewa ndi maganizo a anthu odziwa, koma ndi maganizo basi, ndipo nthawi zina makampaniwa amasiyana pa chinthu chimodzi. Ubwino wake kwa ife ndi woti nambala ija mungathe kuilemba pa tsamba lawo la pa intaneti muli ku Furancungo kapena ku Tsangano, n'kuona zimene zatuluka. Musangokhutira kuti nambalayo ilipo. Onani ngati ikunena chinthu chomwecho. Akuba amakopera nambala ya chithunzi chenicheni n'kuimata pa golovesi yabodza. Tsamba likati chithunzi inu muli ndi golovesi m'manja, nkhani yathera pomwepo.

Palinso mayeso amene safuna kampani iliyonse, ongofuna kudziwa zaka. Cholembera chonenepa cha mtundu wa Sharpie chinayamba kugulitsidwa mu 1964. Jack Johnson anamwalira mu 1946. Wina akakuonetsani dzina lake lolembedwa ndi cholembera choterocho, musataye nthawi. Golovesi imene kansalu kake kali ndi adiresi ya pa intaneti singakhale itasainidwa ndi Liston kapena Marciano. Chithunzi chosindikizidwa pambuyo pa 2016 sichingakhale ndi dzanja la Ali. Ndiponso funsani wogulitsayo mafunso wamba: munachipeza kuti, liti, kwa yani? Wonena zoona amayankha zomwezomwezo lero ndi mawa. Wabodza amakuthamangitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, tumizani msanga pa M-Pesa kapena e-Mola. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi m'belo la kaunjika simungatuluke chinthu chenicheni? Mungatuluke. Mabelowa amachokera m'nyumba za anthu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo mwini chinthu akamwalira ana ake amatha kupereka zonse osayang'ana. Koma ngakhale chitakhala chenicheni, chafika chopanda mboni, ngati ng'ombe yosokera. Kuti chikhale ndi mtengo muyenera kuchitumiza kunja kukayesedwa, kulipira oyesawo, kulipira ulendo wopita ndi wobwerera, mwinanso msonkho pa kasitomu, ndipo yankho likhoza kubwera loti ayi. Choncho chinthu chotere muchigule pa mtengo wa golovesi wamba, osawonjezerapo kanthu chifukwa cha dzinalo.

Tinene kuti mwachipeza chenicheni. Nkhondo yachiwiri ndi yosunga, ndipo nyengo ya chigawo chathu ilibe chisoni ndi zinthu zotere. Mu mzinda wa Tete, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Chikopa chimauma n'kusweka, ndipo inki ya cholembera chonenepa imazilala kapena kulowerera m'chikopamo n'kusiya mthunzi wachikasu. Kuno kumapiri vuto ndi chinyezi cha dzinja ndi nkhungu ya m'mawa, zimene zimameretsa chuku pa pepala ndi pa chikopa. Onjezanipo chiswe, mphemvu, makoswe ndi utsi wa kukhitchini. Ndinaonapo nyuzipepala yakale ya Chipwitikizi imene mkulu wina wa kwathu anasunga m'sutikesi yachitsulo. Inali ndi chithunzi cha Ali manja ali m'mwamba. Titaitsegula, mopinda monse munali mutadyeka, nkhope yokha ndi imene inatsala, ndipo pepalalo linkayoyoka m'zala ngati fodya wouma. Mkuluyo anaipindanso mwaulemu n'kuibwezera. Mabanja ambiri kuno anataya mapepala awo pa nthawi ya nkhondo, pothawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere wa 1992, ndiye kalikonse kamene kanapulumuka n'koyenera kukasamala.

Kusamalako sikufuna ndalama zambiri. Dzuwa lisachione, ngakhale lolowera pawindo. Musachipachike pa khoma limene limanyowa kapena pansi pa malata otentha. Chithunzi chisagunde galasi la fulemu, chifukwa inki imamatirira pa galasi n'kusendeka. Musachimate ndi selotepi, ndipo chonde musapite nacho kokamatitsa pulasitiki ngati chiphaso cha kusukulu, chifukwa kutentha kwa makinawo kumawononga, ndipo otolera sachifunanso. Dzina likayamba kuzilala musalidutsenso ndi cholembera. Mukatero lasanduka dzanja lanu. Golovesi musaipake mafuta kapena polishi. Ikani m'bokosi louma pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo muzitsegula nthawi ndi nthawi kuti muone.

Ine maganizo anga ndi akuti munthu wa kuno wofuna kuyamba kutolera asayambire pa Ali. Ayang'ane pafupi. Mbiri ya ankhonya olemera inadutsa kum'mwera kwa Africa kuno. Gerrie Coetzee wa ku South Africa anagonjetsa Michael Dokes mu Sepitembala 1983 n'kukhala munthu woyamba wa mu Africa kutenga lamba wa dziko lonse m'gulu limeneli. Corrie Sanders anagwetsa Wladimir Klitschko m'ndime yachiwiri ku Hannover mu Malichi 2003. Ndipo mu Epulo 2001, ku Carnival City ku Brakpan, kufupi ndi Johannesburg, Hasim Rahman anadabwitsa dziko pogwetsa Lennox Lewis m'ndime yachisanu. Abale athu angati anali ku Joni nthawi imeneyo? M'masutikesi mwawo mukhoza kukhala tikiti, kabuku ka pulogalamu, chikwangwani chomatula pa khoma, kapena nyuzipepala ya m'mawa mwake. Zinthu zoterezi okopa sazilabadira kwenikweni, ndipo mboni yake ili moyo, mungathe kukhala nayo pansi n'kuifunsa. Lembani zimene ikuuzani: tsiku, malo, anali ndi yani, anachipeza bwanji. Isaine m'munsi, muijambule itagwira chinthucho, pepalalo musunge pamodzi nacho.

Mukakhala ndi mwayi wokumana ndi wankhonya maso ndi maso, chitani chimodzimodzi. Pemphani mwaulemu, wina ajambule akusaina, chithunzicho chionetse nkhope, dzanja ndi chinthucho. Akalembapo dzina lanu mtengo wogulitsira umatsikako, poti wogula safuna dzina la munthu wina, koma zilembo zikachuluka umboni umalimba, ndipo kwa ana anu chimenecho ndiye chuma. Ndipatuke pang'ono pa za ankhonya a heavyweight: mu 2022 ku Istanbul, Alcinda Panguana anatenga mendulo yasiliva ndipo Rady Gramane ya buronzi pa mpikisano wa dziko lonse wa nkhonya za amayi. Ndi ana a dziko lino. Ndikanakonda kuona nyumba za kuno zikusunga zithunzi zawo zosainidwa lero, adakali pakati pathu, mmene anthu a ku Louisville, kwawo kwa Ali, anasungira za Cassius Clay asanatchuke.

Mwana uja anabwerera kwa mnzake ndi mafunso. Anatembenuza golovesiyo n'kuwerenga kansalu ka m'kati, ndipo anapeza adiresi ya pa intaneti ya kampani yopanga, chizindikiro choti si ya masiku amene dzanja la Ali linali lolimba. Dzina la kampani yolembedwa pa chiphaso chija analifufuza pa foni osalipeza paliponse. Mnzakeyo sanakwiye, nayenso anangoitola m'belo n'kukhulupirira. Anagwirizana mtengo wa golovesi wamba. Pano ili ku Moatize, ndipo madzulo akaweruka amaivala n'kumamenya thumba la mchenga limene anapachika pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba. Dzina lija layamba kale kufufutika ndi thukuta.